Mapazi Pansi pa Nyuzipepala

Galimoto inali pakhomo, koma woyendetsa panalibe.

Inali yoyera, yakale, yosamalidwa ngati mwana wobadwa yekha. Mwini wake, yemwe msewu wonse unkangowatcha Madala, anayendetsa mabasi mpaka tsitsi kuyera. Kenaka maso anayamba kuchita chifunga. Dokotala sanazungulire. Chiwongolero basi, anatero. Madala anabwera kunyumba, n'kupachika makiyi pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kukakhala pakhonde. M'mawa uliwonse ankaipukuta galimotoyo ndi kansalu. Kupukuta kokha.

Mkazi wawo anali wosoka makatani, ndiye anthu anangomupatsa dzina loti Namakatani. Chipinda chakutsogolo chinali chake. Munali makina opalasa ndi phazi, tebulo lalitali, ndi sizasi yomwe munthu wina sankaikhudza. Ntchito yake inali yabwino, ndipo iye ankadziwa kuti ndi yabwino. Vuto linagona pamenepo. Ukamuuza kuti mpendero wapendama, ankakuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kukufunsa ngati si nyumba yako yomwe yapendama.

Ndiye panali mlamu wake, mng'ono wa Madala. Uyu anayamba kubwera pafupipafupi. Moni wake unali waufupi. Akamaliza ankazungulira galimoto, manja kumbuyo, akumenya matayala ndi nsonga ya nsapato.

"Achimwene, galimoto ikangokhala imadwala," anatero tsiku lina. "Matayala amaphwa. Makoswe amamanga mudzi mu injini. Ndipatseni ine, ndizikuyendetserani."

"Muzitiyendetsera ife, kapena muzikaimika kwanu?" Namakatani anafunsa ali pawindo.

"Alamu, inu zanu ndi singano. Izi ndi za zitsulo."

"Singano ndi mtengo?"

Madala anaseka. Kenaka anausa moyo, chifukwa mng'ono wawo sankanama.

"Chabwino," anatero. "Chaka chino chikatha m'nyumba muno mulibe wa layisensi, udzatenge. Ndisaione ikuolera pakhomo."

Namakatani anaimitsa makina. Anaganiza za mitolo ya makatani yomwe ankakwera nayo minibasi, kondakitala akudandaula kuti yadya malo. Anaganiza za Madala akupapasa chitseko cha basi popita kuchipatala cha maso. Anaganizanso za mlamu wakeyo akudutsa pamsewu, chigongono pawindo, akuliza hutala. Ichi ndicho chinamuimiritsa pampando.

"Ndiyendetsa ine."

Mlamu anaseka mpaka kugwira bampala.

Madala anakana kumuphunzitsa. "Banja lathu lapirira zambiri, mayi," anatero, "koma izi silingapirire."

Sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto inali pamwamba pa sitolo ya utoto ndi misomali. Masitepe opapatiza. Chipinda chimodzi, mabenchi awiri, pakhoma chithunzi cha zizindikiro za pamsewu chosuluka ndi dzuwa. Aphunzitsi anali awiri, aliyense ndi galimoto yake. Magalimotowo anali ndi zopondera mbali zonse, kuti wophunzira akasokoneza, mphunzitsi aponde mabuleki kapena kilachi kumbali yake.

Namakatani anagwera mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Ophunzira ankamutcha Mabuleki, chifukwa ndilo liwu lomwe linkamveka kwambiri m'galimoto mwake.

Anapita pabwalo la fumbi kuseri kwa msika. Namakatani analiza injini, n'kuponda. Galimoto inanyamuka ngati chule. Inalumpha, inaima, inalumphanso.

"Mabuleki!" anakuwa mphunzitsi. Fumbi litakhazikika anafunsa, "Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimasoka."

"Ndaona. Phazi lanulo likupalasa makina. Chidendene, zala, chidendene, zala. Muno sitikusoka. Pondani kamodzi, pang'onopang'ono, phazi likhale pomwepo."

"Ndaponda bwinobwino. Galimoto yanuyi ndi yotha."

"Galimoto ilibe mlandu. Phazi ndi lanu. Ndipo galasi ilo sanaikire kuonera ngati duku lakhala bwino. Ndi loonera kumbuyo. Bwerezani."

Anabwereza. Chule yemweyo. Anyamata okankha mawilibala anasiya ntchito n'kuyamba kuonerera.

Pomaliza Mabuleki anati, "Mudzatha, koma zitenga nthawi. Phazi lazolowera zina. Komanso inuyo simumva."

Namakatani anatuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu wopitirira muyezo. Nkhope inali yosalala ngati nsalu yosita. Palibe akanadziwa kuti m'kati mukuwira.

Mmodzi anadziwa.

Anali mphunzitsi winayo, bambo wa malaya oyera, nyuzipepala m'khwapa, atatsamira khoma pansi pa masitepe. Ophunzira ankamutcha Uchi. Sanapupulume. Anadikira kuti Namakatani amudutse, n'kulankhula motsitsa ngati akudziuza yekha.

"Munthu yemwe anthu amabwera kudzamufunsa nzeru, n'zowawa kumulankhula ngati mwana."

Namakatani anaima.

"Pepani amayi, sindimafuna kulowerera," anatero Uchi. "Ndangoona mmene mwatsekera chitseko chija. Okwiya amamenyetsa. Opwetekedwa amatseka bwinobwino."

Mawuwo analowa ngati ulusi pasingano, osakhudza m'mbali. M'mawa mwake Namakatani anauza mwini sukulu kuti akusintha mphunzitsi.

M'galimoto ya Uchi munkanunkhira sopo. Iye ankakhala chotsamira, nyuzipepala atayala pamawondo mpaka kuphimba miyendo. Ankati amawerenga dala, kuti wophunzira aone kuti akukhulupiriridwa.

Ndipo zodabwitsa! Chule uja anasanduka mphaka. Galimoto inanyamuka mwakachetechete. Pakona inkachepetsa yokha liwiro, ngati ikumva maganizo a woyendetsa. Pachitunda sinabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono.

"Amayi, munayendetsapo kale. Musandinamize."

"Ayi ndithu, aphunzitsi."

"Ndiye zili m'magazi. Manja a wosoka amenewo. Ena timawaphunzitsa, ena timangowakumbutsa."

Namakatani anafika kunyumba akuyenda ngati wakwezedwa pantchito. Makasitomala obwera kudzasankha nsalu ankachoka atamva za magiya. Mlamu akabwera, ankamulonjera ndi chisoni chomwe timalonjera nacho munthu woti waluza kale.

Bambo uja ankawerenga nkhope kuposa nyuzipepala yakeyo. Namakatani akafika atakangana ndi kasitomala, Uchi ankadziwa asanakhale n'komwe pansi. "Lero wina wanyoza ntchito yanu." Akafika ndi nkhawa ya maso a Madala, Uchi ankazimitsa wailesi osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko kunkakoma kuposa mawu. Ankadziwa poseketsa. Ankadziwa poyamikira. Posakhalitsa Namakatani anali atamuuza zomwe sanauzepo ngakhale mng'ono wake wobadwa naye. Anamuuza kuti sukulu anaisiyira panjira. Kuti mphunzitsi wina anamuimika kutsogolo kwa kalasi n'kumutcha mbutuma, ana onse akuseka. Kuti kuyambira tsiku limenelo salola munthu kumukonza. Anamuuzanso za galimoto yapakhomo, za mlamu, ndi za mantha ake oti Madala akadzasiyiratu kuona, zonse zidzagwera iye.

Uchi ankamvetsera mutu uli chopendekera. Sankaiwala kanthu.

Chinthu chimodzi chokha chinali chachilendo. Namakatani akangotchula za mayeso, galimoto inkadwala.

"Ndikuona ngati ndakonzeka," anatero tsiku lina. "Bwanji ndikalembetse?"

Pamaloboti otsatira chule anabwerera. Galimoto inalumpha n'kuzima pakati pa mphambano. Mahutala kumbuyo. Woyendetsa lole anatulutsa mutu n'kutchula mawu osayenera mayi wa msinkhu wake. Uchi anadikira pang'ono, pang'ono ndithu, mpaka Namakatani atatembenukira kwa iye. Kenaka anagwira chiwongolero ndi zala ziwiri.

"Pumani, amayi. Ndili pano. Lizaninso injini."

Galimoto inayenda ngati pamafuta.

"Mwaona? Luso lilipo, koma mtima sunakhazikike. Oyesa aja alibe chisoni. Ine sindingakuponyeni kwa afisi musanakonzeke."

Namakatani anathokoza. Anathokoza ndithu, ndi manja awiri. Miyezi inkapita. Chaka chinayamba kuweramira kumapeto.

Tsiku lina anakumana ndi Mabuleki pamasitepe paja. Popatukirana panalibe.

"Mayi wosoka," anatero Mabuleki. "Phazi lasiya kupalasa?"

"Ndikuyendetsa bwino kwambiri, zikomo. Zimatengera mphunzitsi."

"Chabwino. Mawa mumuuze apinde nyuzipepala."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Ndanena momveka. Mwini sukulu ndinamuuza kale. Akuti ophunzira amamukonda munthuyo, ine ndisiye nsanje. Ndiye ndikuuza inu. Tandipatseni njira."

Namakatani anakazitula kwa Uchi. Iye sanakwiye. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Musamuweruze. Ophunzira amamuthawa, ndiye zimamupweteka. Koma konzekani, amayi. Munthu akayamba kuwala, oyamba kutsinzina ndi apafupi. Bambo kunyumba anali dalaivala wamkulu. Chiwongolero chinali ufumu wawo. Tsiku lomwe adzakwere inu mukuyendetsa, adzapeza cholakwa. Si nkhanza ayi. Ndi ululu. Mudzawakhululukire."

Sabata yomweyo Madala anapempha kukwera nawo. Anavala jekete lawo lakale la kuntchito. Uchi anawatsegulira chitseko chakumbuyo, akuwatcha akuluakulu a msewu. Anazungulira tauni. Namakatani anayendetsa khosi lili njo. Madala anangotsinzina, mutu utatsamira pampando, mpaka kunyumba.

"Nanga simuyamikira?" Namakatani anafunsa akuthira tiyi.

"Galimoto inayenda bwino."

"Basi?"

"Mayi, m'galimoto muja mumayendetsa anthu awiri."

Supuni inaima m'kapu.

"Injini imaimba nyimbo ina, matayala akuvina ina," Madala anapitiriza. "Inu mumapatsa moto mokweza ndi motsitsa, ngati mukusoka. Wina amabweza ndi kilachi. Pakona ya sitolo ya mankhwala paja mabuleki anagwira phazi lanu lisanachoke pamoto. Muli ndi miyendo ingati?"

"Maso akukanikani, ndiye mwayamba kuona ndi makutu?"

"Makutu amenewa anditsitsa mapiri ndi basi yodzaza anthu."

"Anandiuza! Anandiuza kuti mudzatero. Zikukupwetekani kuti mkazi wagwira chiwongolero chanu."

Madala anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Anakuuzani liti zimenezo? Asanandione n'komwe?"

"Munthu uja amadziwa anthu."

"Zoona. Amawadziwa."

Anatuluka kukakhala pakhonde. Tiyi anazizira patebulo.

Loweruka mlamu anatulukira. Anali atagula kale kachidole kopachika pagalasi, ndipo ankakazunguza pachala.

"Alamu, chaka chatsala mchira wokha. Layisensi ili kuti?"

Tsiku limenelo Namakatani anali ndi makatani oti akapereke kunyumba ya alendo ya kumunsi kwa msewu womwewo. Anayang'ana kachidoleko. Anayang'ana Madala, omwe chiyambire tsiku la tiyi lija ankangoyankha kuti eya ndi ayi. Anapita kuseri kwa chitseko n'kuchotsa makiyi pamsomali.

"Layisensi ndi pepala. Kuyendetsa ndi uku. Tsegulani geti."

"Mayi, musatero," anatero Madala.

"Khalani pomwepo, muone ndi makutu anuwo."

Analongedza makatani kumbuyo. Anakhala, n'kumanga lamba, n'kuliza injini. Galimoto ya Madala inalibe zopondera mbali inayo. Kumeneko kunali mpando wopanda munthu.

Chule wa tsiku limenelo anali kholo la achule onse. Kulumpha koyamba kunatulutsa galimoto pageti. Kwachiwiri kunabalalitsa nkhuku za aneba. Namakatani anayembekezera kuti galimoto ichepetse yokha liwiro monga mwa masiku onse. Iyi sinkamva maganizo a munthu. Phazi linachita zomwe linkadziwa. Chidendene, zala, chidendene, zala. Msewu unali wotsetsereka. Mayi wogulitsa tomato anakumbatira beseni lake n'kulumpha ngalande ngati mtsikana. Kutsogolo kunali mulu wa mchenga wa anthu omanga nyumba. Mulungu adalitse omanga nyumba osachotsa mchenga pamsewu.

Phuu! Galimoto inalowetsa mphuno mumchenga n'kuzima. Makatani anauluka kuchokera kumbuyo n'kumuphimba kumutu.

Anakhala momwemo, pansi pa maluwa abuluu, akumva msewu wonse ukubwera. Woyamba kufika sanali mlamu. Anali Madala, silipasi imodzi itatsala panjira, akupapasa galimoto mpaka kupeza chitseko.

"Mayi! Mwapweteka? Tayankhulani!"

"Nyali yasweka," anatero mawu a pansi pa katani.

"Ndikufunsa inu, osati nyali."

Mlamu anafika ali wefuwefu, misozi ya kuseka ili m'masaya.

"Achimwene, ndipatseni makiyi isanathe yonse."

"Ndinati chaka chikatha," anatero Madala. "Sichinathe. Vula jekete, ukankhe."

Lolemba Namakatani anapita kusukulu. Uchi anamuwerenga akadali patali. Pomwe ankafika pagalimoto, nkhope ya bamboyo inali itavala kale chisoni cha saizi yake.

"Amayi, chachitika n'chiyani? Ayi, musanene. Anakukakamizani kuyendetsa ya kunyumba. Galimoto yachilendo, anthu akukuyang'anani, wina akufuna mulephere. Ndani sangasokonezeke?"

Zinali zokoma. Theka lake zinali zoona. Namakatani anamva mtima ukufuna kugona pamawuwo ngati papilo. Analowa m'galimoto n'kumanga lamba.

"Pindani nyuzipepala."

"Amayi?"

"Pindani. Mapazi muike pampando, ndiziwaona."

Uchi anaseka. Namakatani sanaseke. Ndiye anaona munthu akusintha nkhope ngati kasitomala woyesa malaya m'sitolo. Yoyamba inali yodabwa. Sinagwire. Anavala yopwetekedwa.

"Ine amene ndakusungirani zinsinsi zanu, lero ndasanduka wachinyengo?"

Sinagwire. Anavala ya mwana wamasiye.

"Ndimangofuna musakhumudwe. Ndinaona kuti dziko lakupwetekani mokwanira."

Apa Namakatani anatsala pang'ono kugwa. Koma anayang'ana m'maso. Munalibe manyazi. Munalibe ngakhale mkwiyo. Masowo ankangoyeza, mmene iye amayezera windo asanadule nsalu. Anakumbukira pamaloboti paja, mmene bamboyo anadikirira kuti Namakatani atembenukire kwa iye. Sankafuna kuti mayiyo adziwe kuyendetsa. Ankafuna kuti azimufuna.

"Chaka chikutha," anatero Namakatani. "Za galimoto mumazidziwa. Za maso a abambo mumazidziwa. Ndinakuuzani ndekha, misozi ikutsika. Mumafuna ndidzapite liti ku mayeso?"

Nkhope zonse zinatha. Yotsala inali yosalala, yopanda kanthu.

"Munabwera kudzafuna layisensi, mayi? Ine ndinaona kamtsikana koimikidwa kutsogolo kwa kalasi, kakufuna wina akauze kuti si mbutuma. Ndinakupatsani chomwe mumafuna. Munabwera, n'kubweranso, n'kubweranso. Ndinakukokani?"

Analasa pabala penipeni, osaphonya. Ndipo pomwepo Namakatani anamvetsa. Munthuyu ankaudziwadi mtima wake, zipinda zonse, mawindo onse. Koma wakuba nayenso amaidziwa nyumba. Chitseko chofooka amachidziwa kuposa mwini wake. Kuidziwa nyumba si kuikonda.

Anamasula lamba.

"Mbutuma yamva," anatero.

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mpaka nkhunda kuuluka padenga la sitolo.

Mabuleki anali pansi pa mtengo, akuthira madzi mu injini ya galimoto yake. Sanatukule mutu.

"Ndabwera," anatero Namakatani.

"Ndamva."

"Munanena zoona."

"Ndimanena zoona tsiku lililonse. N'chifukwa chake benchi yanga imakhala ndi fumbi. Lowani. Vulani nsapato yakumanja."

"Nsapato?"

"Ndikufuna phazilo limve chomwe likuponda. Ndipo mundimvetse, mayi. Nthawi yatha. Ndizikukalipirani. Mukafuna kulira lirani, koma maso pamsewu."

Inali milungu yowawa. "Mabuleki!" "Galasi!" "Mwayambanso kusoka!" Mphunzitsiyo ankakhala mapazi ali poyera, kutali ndi zopondera. Galimoto ikazima pamphambano, ankangopinda manja.

"Mahutala sapha munthu. Mwaizimitsa ndinu, ilizeni ndinu."

Namakatani ankafika kunyumba atatupa ngati buledi. Ankalumbira kuti sabwererako. M'mawa ankabwerera. Dzuwa likapendeka, Madala ankamukhazika pampando wapakhonde, iwo n'kugwada, n'kuika dzanja lawo pansi pa phazi lake.

"Pondani. Ayi, mwandiphwanya! Pondani ngati pansipa pali dzira."

"Abambo," anatero Namakatani tsiku lina, phazi lili padzanja lawo, "ndinalankhula zopusa tsiku lija."

"Liti? Masiku ake ndi ambiri."

Anaponda dala. Madala anakuwa. Aneba anasuzumira pampanda n'kupeza akuluakulu awiri akuseka ngati ana.

Ndiye linafika tsiku lina pachitunda cha kuseri kwa msika. Kumbuyo kunali minibasi yodzaza, mphuno yake ili pafupi ngati ikufuna kununkhiza. Namakatani anamasula mabuleki a pamanja. Galimoto inanyamuka bwinobwino, osabwerera m'mbuyo. Anaponya diso kumapazi a Mabuleki. Anali atawapinda pansi pa mpando. Panalibe wina. Anali iye yekha. Anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

"Musakondwe," anatero Mabuleki. "Indiketa mwaiwala."

Koma anatembenukira kuwindo, ndipo mapewa ake ankagwedezeka.

Mayeso oyamba Namakatani analephera. Pobwerera m'mbuyo tayala linakwera mwala wa m'mphepete mwa msewu. Anatuluka m'galimoto. Chapatali Uchi anali atatsamira khoma lake, nkhope yachisoni ili yokonzeka, ngati wogulitsa maambulera woona mitambo. Namakatani anamudutsa.

"Mwalephera bwino," anatero Mabuleki. "Cholakwa chimodzi chokha, ndipo ndi chanuchanu. Chimenecho tingachikonze. Pukutani mphuno, tiyeni."

Anabwerera m'mbuyo pabwalo la fumbi lija mpaka khosi kuuma. Mayeso achiwiri anagwera sabata yomaliza ya chaka. Woyesa anali bambo wosaseka, wa magalasi pansonga ya mphuno. Anamuzunguza tauni yonse, pachitunda, pamaloboti, pakati pa minibasi. Pomaliza anati, "Mwakhoza," ngati akulengeza maliro. Namakatani anathamanga n'kukumbatira Mabuleki. Mayi wamfupiyo mapazi anachoka pansi.

"Nditsitseni, mayi! Ophunzira asiya kundiopa."

Chaka chatsopano chitangolowa, mlamu anavala malaya abwino n'kubwera m'mawa. Geti anapeza lotsegula. Pakhomo panalibe galimoto. Panali kadontho ka oyilo ndi mizere ya matayala.

"Apita kuchipatala cha maso," anatero aneba ali pampanda.

"Ayendetsa ndani?"

"Alamu anu. Anati mukabwera tikuuzeni kuti mukadzafuna kuperekezedwa kwinakwake, muzinena kudakali nthawi."

Mlamu anaima nthawi yaitali, manja m'thumba. Kenaka anaseka yekha, n'kutseka geti, n'kupita kukadikira minibasi.

Nthawi imeneyo galimoto yoyera inali pamsewu waukulu. Madala anali pampando wakutsogolo, windo lili lotsegula, mphepo ikuwomba imvi. Namakatani anagwira chiwongolero ndi manja awiri, lilime lili pakona ya mlomo.

"Ndikuyendetsa bwanji, abambo?"

"Mukufuna yankho lokoma kapena loona?"

Anaganiza kaye. Lokoma linkamukopabe. Mwina lidzamukopa mpaka kumanda.

"Loona."

"Mwachedwa kusintha giya. Injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa."

Namakatani anatsonya. Anasintha giya. Injini inatonthola, ndipo galimoto inaloza kuchipatala.

Uchi akadalipo pasukulu paja. Benchi yake ndi yodzaza mpaka lero, ndipo sidzasowa anthu, pakuti aliyense wa ife ali ndi pena pomwe amafuna kusisitidwa. Luso lake si bodza. Mtima wa munthu amauwerengadi. Koma kudziwa pomwe mnzako akumva kuwawa ndi chida chabe, ndipo chida chimatsata dzanja lomwe lachigwira. Wina amadziwa pabala kuti amange nsalu, wina kuti adziwe pogwirira chingwe. Wokusisitani bwino asakukomereni msanga. Muyambe mwafunsa komwe akukufikitsani. Akuluakulu anaziona kale izi magalimoto asanabwere, n'chifukwa chake anati: wakutsina khutu ndi mnansi.